Malemu Bizaliyele Akugulitsabe Nyama

Dziko la Gwadirani simungalipeze pa mapu. Wojambula mapu alipo, pensulo ali nayo, koma akudikira kuti akuluakulu ayambe ajambula awo. Ndi mmene tilili ife. Palibe anatilodza ayi, tinazikonda tokha.

Kwathu kuno beseni losambira m'manja limakhala limodzi. Amayamba wamkulu, kenako womutsatira, kenako wotsatira womutsatira uja, mpaka madzi afike kwa iwe atasanduka msuzi. Ndipo timanyadira. Mayi wina anadzitama kumjigo kuti anasambapo madzi oyandama mafuta a nkhuku ochokera m'zala za nduna, tonse tinamuchitira nsanje, ndi ine ndemwe. Kusamba wamkulu asanasambe ndi mwano woposa kumutukwanira mayi ake pamsonkhano.

Mfumu yathu ndi Ndiyambendine Wachiwiri. Woyamba anali bambo ake, ndipo nkhani imeneyi sakonda kuimva. Poilankhula timati Mwini Beseni.

Chaka chino anthu anachuluka kufa m'chipatala chachikulu cha Dikirani ndi matenda amene sanabwere nawo. Umalowa ndi mwendo, umatuluka ndi m'mimba, ngati watuluka. Mwamuna wanga, bambo a Elube, analowa ndi chithupsa cha kumsana chimene ndikanachiboola ndekha ndi munga, anatuluka ali m'bokosi. Choncho musandifunse kuti bwanji ndikulemba ngati ndikuwaza nkhuni.

Maliro atayamba kufika ku makomo okhala ndi mageti, bwalo la nduna linakumana. Nduna ya Zaumoyo, a Zandikwana, inaimirira n'kukweza buluku.

"Mwini Beseni, tafufuza. Vuto ndi manja."

Mfumu inayang'ana manja ake.

"Osati amenewo, Mwini Beseni. Manja a anthu ang'onoang'ono. Anesi, madokotala, okolopa. Akugwira wodwala uyu n'kukagwira uyo, osasamba."

Nduna ina yokalamba inati bwanji tigule sopo ndi kukonza mipopi. Bwalo lonse linaiyang'ana moimvera chisoni.

"Sopo mungamudulire riboni?" anafunsa a Zandikwana. "Mungamuvinire?"

Motero anaitanitsa tizipangizo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Kalikonse n'kofanana ndi bokosi la machesi, ndipo aliyense wogwira ntchito m'chipatala amakapachika pachifuwa. Kena anamata pabedi lililonse, kena pampopi. Nesi akasamba, ka pachifuwa kamayaka zobiriwira. Akayandikira bedi asanasambe, kamayaka zofiira n'kumalira ngati mwanapiye wotayika, ndipo dzina lake limaonekera pa kanema wamkulu amene anamupachika kubwalo la nduna. Anthu anakatcha kaneneza. Mfumu nayo inapatsidwa kake kagolide, poti inali itadzipatsa kale udokotala waulemu.

Tsiku lotsegulira kunali magule. Amayi anavala nsalu zojambulidwa kaneneza kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ine sindikanavina, poti ndinali ndisanamete, duku lakuda lili kumutu. Koma ndinaima kumbuyo kwa gulu n'kumawomba m'manja. Inde, ine amene. Chipatala chomwecho chinandiphera mwamuna, ine n'kukachiwombera m'manja mpaka zikhatho kutentha. Mukamaseka a Gwadirani muyambire pa ine.

Mlandu unabuka m'mawa mwake. Kanema uja sadziwa ulemu. Amalemba mayina potsata nthawi imene munthu wasambira. Mfumu itadzuka dzuwa lili paliwombo, inasamba, inalowa m'bwalo, inapeza dzina lake lili pansi penipeni, pamene pamatera fumbi.

"Uyu ali pamwamba panga ndani?"

"Wokolopa, Mwini Beseni."

"Akukolopa ndani?"

Nduna zinagwada zonse pakamodzi, mawondo kulira ngati mapesi. A Zandikwana anati kanemayo ndi mlendo, sanalangizidwe. Nduna ina inati amumenye. Anakambirana mpaka nthawi ya chakudya, anapumula, anadya, n'kutulutsa malamulo awiri. Wolengeza anakawawerenga ku msika wa Tizingoona ataima pa thumba la makala.

Loyamba: wachipatala aliyense wogwira wodwala asanasambe, ntchito yatha. Lachiwiri: wachipatala aliyense wosamba wamkulu wake asanasambe, ntchito yatha, ndiponso akalime kumunda kwa Mfumu mpaka aphunzire mwambo. Iyambe Mfumu, zitsatire nduna, kenako madokotala, asisitala, anesi, wokolopa pamapeto.

Tinawomba m'manja. Wolengeza atapita m'pamene pakamwa panatseguka.

"Ndiye Mfumu ikachedwa kudzuka?" anafunsa mayi wogulitsa bonongwe.

"Uchedwe kudwala," anayankha wa makala.

"Nanga wobereka?"

"Amuuze mwanayo. Ngati ndi wa kuno amva."

Ndipo zinayendadi. Mfumu inkasamba masana, nduna zikatha kudya, madokotala akamva kuti nduna zatha, ndipo mwayi unkafika kwa nesi mthunzi utatalika. Odwala anazolowera kubuula madzulo. Kaneneza sikanalirenso, chifukwa palibe ankayandikira bedi. Anthu a kutsidya kwa nyanja ataona zimenezi anati sanaonepo dziko laukhondo chotere, ndipo anaitana Mfumu kuti ikalandire mendulo. Inakwera ndege ndi akazi ake, ophika ake, ndi kaneneza kake kagolide.

Kumeneko n'kutali. Kaya Mfumu inkasamba kaya ayi, kanema wa kubwalo sankamva. Dzina lake linangokhala lozima.

"Tidikire," anatero a Zandikwana pa wailesi. "Mwini Beseni akabwera asamba, ndipo tonse tisamba. Dziko lodekha silithamangira madzi."

Mfumu sinafulumire. Italandira mendulo, inaona kuti poti yafika kale, ikaonetsenso bondo lake kuchipatala cha komweko.

Tsopano mundimvere bwino, chifukwa apa sindikuseka. Mwana wanga Elube, mwana yekhayo amene ndili naye, anachira kudzera ku mpeni dzulo lake Mfumu isananyamuke. Anamung'amba pamimba, anatulutsa kamtsikana kabwinobwino, anamusoka. Bala limenelo limafuna kutsukidwa ndi kumangidwa mwatsopano. Palibe analigwira. Linayamba kufiira, kenako kutupa, kenako bandeji inanyowa ndi zinthu zachikasu. Thupi linatentha moti mwana akayamwa ankatuluka thukuta. Fungo lake ndinalizindikira. Ndi lomwe lija ndinalimva pa bambo ake.

Pakhomo la wodi panali mzere wa choko. Anesi ankaima kuseri kwa mzerewo, yunifolomu yoyera mbee, manja kumbuyo. Mankhwala ankatipatsira pa chipande chomangirira ku nsungwi yaitali. Wina wa iwo anali Esimi, mayi wamfupi wamaso otopa, amene ankabwera m'mamawa n'kumangoyang'ana bedi la Elube ngati munthu woyang'ana nyumba yake ikupsa.

"Anesi, tabwerani mudzaone," ndinatero.

"Ndikuona ndili pompano, mayi Nangozo."

"Mukuona chiyani?"

"Mafinya ali m'kati. Pakufunika kumasula ulusi pang'ono, kufinya, kutsuka, ndi kumuika diripi."

"Ndiye mukudikira chiyani? Kuti aphulike yekha?"

Analoza kaneneza ka pachifuwa pake. "Ndikalowa osasamba, kalira. Ndikasamba, kandilemba pamwamba pa Mfumu. Kulikonse andichotsa ndisanamalize n'komwe. Ndipo akandichotsa, pano patsala nsungwi yokha."

"Ndiuzeni, ndichite ndine."

"Si zouzirana patali, amayi. Mungamuboole matumbo."

Ndinamutukwana. Sindibisa. Ndinatukwana iye, sukulu imene inamuphunzitsa, ndi amene anamusitira yunifolomu. Iye anangoti, "Onjezani, mwina ndipepukidwa."

Nditatopa ndinapita pampopi wa m'wodi kuti nditsuke manja, poti ndinali nditagwira nsanza za mwana. Mpopi umenewo unali utauma kukamwa chichokereni Mfumu, anthu akuulambalala ngati manda. Ine ndi mkwiyo wanga ndinaiwala. Ndinatsegula, ndinapaka sopo, ndinasamba mpaka m'zigongono. Mlonda anabwera akuthamanga, chibonga m'mwamba.

"Iwe mayi, wakuuza ndani kuti—"

Anaona duku lakuda. Anatsitsa chibonga, anavula chipewa, anabwerera chafutambuyo.

"Pepani, mayi. Sindinaone."

Apa ndifotokoze, poti ena simuli a kuno. Ku Gwadirani namfedwa salowa pamzere wa beseni. Mwamuna akangotsikira m'manda, mkazi amapatsidwa beseni lakelake kuseri kwa nyumba. Palibe asamba iye asanasambe, palibe asamba pambuyo pake, mpaka akuchimuna adzamumete n'kumusudzula. Si ulemu ayi. Amatinyansidwa, amati tanyamula imfa m'zala. Ine ndinalira nalo beseni limenelo miyezi yonseyi, osadziwa kuti m'dziko lonse la Gwadirani, kupatula Mfumu, ndife anamfedwa tokha tinkasamba madzi oyera.

Ndinatembenuka. Esimi anali akundiyang'ana, ine ndikumuyang'ana.

"Mwana wanga, uli pabanja?"

"Eya."

"Ndi ndani?"

"A Bizaliyele. Ogulitsa nyama ya mbuzi ku Tizingoona."

"Amakukonda?"

"Amabwera akamva njala."

Ndinamasula duku langa n'kumutambasulira pamwamba pa mzere wa choko. Anabwerera m'mbuyo ngati ndamupatsa njoka.

"Amayi, zimenezo n'kumupha munthu."

"Afa ndi nsalu? Wanga anafa ndi chipatala chako, sanafe ndi nsalu."

"Akamva achibale ake? Akamva iyeyo? Banja langa latha."

"Banja limatha n'kuyambanso. Tamuona uyo."

Elube anali atasiya kubuula. Ankangoyang'ana kudenga, milomo itauma, mwana akulira pambali pake iye osatembenuka. Esimi anamuyang'ana. Kenako anavula kachipewa kake koyera, anamanga duku, ndipo ndinachita kumukonzera, poti analimanga monyada ngati akupita ku ukwati.

"Tsitsa pamphumi. Usayende msanga. Wina akakupatsa moni, uyang'ane pansi n'kupuma kaye."

Ine amene ndinkaganiza kuti sindidziwa ntchito iliyonse yophunzitsa munthu.

Anasamba. Kaneneza kanayaka zobiriwira. Anawoloka mzere, anavala magolovesi, ndipo zimene zinatuluka m'mimba mwa mwana wanga sindilemba, mwina mukudya. Elube anakuwa, ine ndinasangalala, chifukwa munthu wokuwa ali moyo. Atamaliza, Esimi anati bala lotere lifunika kulitsuka m'mawa uliwonse mpaka liume. Kulumphitsa ndiye kubwerera poyambira.

Nkhani ku Gwadirani siyenda pamzere. Imeneyo yokha ndiyo imayamba kufika kwa wamng'ono. M'mawa mwake ndinapita kumsika kukafuna mafupa oti ndimuphikire Elube msuzi, nditafunda kansalu kena kakuda, ndipo ndinapeza anthu atazungulira benchi la nyama. Pakati panali bambo wamtali wa ndevu zosapesa, chikwanje m'manja, mwendo wa mbuzi uli lende kumbuyo kwake.

"Pepani a Biza," ankatero wa makala. "Tamva mochedwa. Munadwala nthawi yaitali?"

"Ndani wadwala?"

"Ayi, ndiye inali yadzidzidzi."

Mayi wa bonongwe anabwera ndi kambale ka ufa, anagwada, anakaika pabenchi. "Kachipepeso. Mukapereke kwa akazi anu, poti inuyo simudyanso."

"Mayi, ndadya mbatata m'mawa uno."

"Ena amatero ndithu masiku oyamba."

"Ndili moyo ine. Simukundiona?"

"Kukuonani tikukuonani," anatero wa makala, "koma akazi anu ndi a chipatala. Iwo ndiye anaphunzira zimenezi. Ife tingatsutse?"

Palibe anagula nyama. Ndani angadye mbuzi yophedwa ndi malemu? Wina anafunsa ngati benchi lili ndi mwini tsopano. Wina anati njinga ija mwasiyira ndani. Bizaliyele anakhoma chikwanje pa chipika, anapukuta manja pa epuloni yamagazi, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala. Ine pambuyo pake, mafupa osagula. Miyendo yake ndi yaitali, yanga ndi ya munthu amene wabereka ndi kulima. Ndinathamanga ndikutukwana mapapo anga.

Pageti la Dikirani panali galimoto yakuda ya mbendera. Kanema anali atachita ntchito yake: dzina la Esimi linali lokhalokha pamwamba, la Mfumu lili lozima. A Zandikwana anabwera okha kudzagwira wamwanoyo, ndi asilikali awiri ndi munthu wonyamula khasu loti akalimire.

Ndinawapeza ataima pa mzere wa choko, kampango kali pamphuno. M'kati, Esimi anali atawerama pa Elube, bandeji yakale atachotsa, bala lili poyera, thonje lili m'manja. Duku lili pamphumi monga ndinamuphunzitsira.

Nduna inatsegula pakamwa, inaona duku, inatseka. Inayang'ana asilikali. Asilikali anavula zipewa. Kwathu kuno mungathe kumulanda namfedwa mbuzi, malata, ngakhale mphasa imene wakhalira, koma kumufunsa kuti kodi anafadi, ayi, zimenezo ndi zopanda ulemu.

"Pepani, mayi," inatero Nduna. "Boma silinamve. Zachitika liti?"

Esimi anayang'ana pansi, anapuma kaye. "Dzulo, bwana."

"Anali munthu wabwino."

"Nthawi zina, bwana."

Pamenepo m'pamene Bizaliyele anatulukira pakhonde, atasochera kaye ku wodi ya amuna. Anakankha msilikali mmodzi, anaima pa mzere, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Esimi."

Manja a Esimi anaima. 

"Bamboyu ndani?" inafunsa Nduna.

Ndinaona zonse mmene zithere. Akangoti ndine mwamuna wake, asilikali amukoka Esimi pomwepo, bala lili chitsegukire, khasu lili kale pakhomo. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka ndinafika m'khwapa mwa Bizaliyele, poti m'pamene msinkhu wanga umalekezera.

"Bambo," ndinanong'ona, "uyo wagona apoyo ndi mwana wanga. Ndilibe wina. Mukanena kuti muli moyo, ndikumalizani ndine, kuti mkazi wanu asakhale wabodza."

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana pabedi. Munthu wopha mbuzi amadziwa nyama imene yayamba kuwonongeka, sachita kuuzidwa. Anayang'ana balalo, anayang'ana kamwana kali m'nsalu, anayang'ana mkazi wake amene mwina anali asanamuonepo akugwira ntchito. Kaya unali chisoni, kaya anandiopa ine, sindinamufunse.

"Ndafunsa kuti ndinu ndani," inatero Nduna.

Bizaliyele anatembenukira kwa Nduna.

"Ndine mchimwene wake wa malemu."

"Mukufanana kwambiri," anatero msilikali wina, amene ankagula nyama kwa iye.

"Anthu amatero."

"Ndi chipsera chomwe."

"N'cha kumtundu."

Nduna inamugwira dzanja, kenako inakumbukira kuti ndi wa kumaliro, inapukuta dzanjalo pa buluku. Inalonjeza kuti boma litumiza thumba la ufa. Bizaliyele anathokoza m'malo mwa banja lonse.

"Alamu," anatero Esimi osadzutsa mutu, "mwaima poipa, mukutchinga kuwala."

Anasuntha.

Sabata isanathe, imfa inalowa m'mabanja a anesi a Dikirani ngati chitopa m'khola. Ankabwera kwa ine mmodzimmodzi kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala kuti ndiwaphunzitse kamangidwe ndi kayendedwe. Nsalu yakuda inatha m'sitolo. Asisitala aakulu, amene sanakwatiwepo chibadwire, anaferedwa nawonso, ndipo palibe anafunsa. Madokotala aamuna anayesa, koma mwambo wathu mwamuna woferedwa sumupatsa beseni lake, umamupatsa mkazi wina. Choncho iwo anatsala kuseri kwa choko, akuloza ndi nsungwi.

Kumsika kunadzaza abale a malemu. Wokonza njinga anali mng'ono wake wa wokonza njinga. Telala anali msuweni wa telala. Onse ofanana ndi akufawo mpaka mano. Ankakhala pamodzi pa bawo n'kumakumbutsana ubwino wa malemu, poti panalibe wina wowayamikira.

Mfumu inabwera bondo lili bwino. Inasamba pabwalo la ndege, ng'oma zikulira, ndipo ife tinapita kukaonerera, tinalulutira pamene inkapukuta zala. A Zandikwana analankhula nthawi yaitali. Anati m'nyengo imeneyi odwala akuchira kuposa kale lonse, ndipo izi zatheka ndi nzeru za Mwini Beseni ndi kaneneza. Anati pali kavuto kamodzi kakang'ono, kakuti amuna a anesi akutha, ndipo boma lakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chikuwapha. Bungwelo liyamba ntchito wapampando wake akapezeka, poti palibe angakhale pansi iye asanakhale.

Mzere wa beseni unayambiranso. Palibe nesi ndi mmodzi yemwe amene mwamuna wake anauka.

Elube anatuluka akuyenda yekha, mowerama pang'ono, mwana ndili naye ine kumsana. Bala linauma, latsala chipsera chonga zipi. Esimi anatiperekeza mpaka pageti, ndipo pamenepo tinapeza Bizaliyele atakhala pa njerwa, ndevu zometa, malaya ochapa, kaphukusi ka chiwindi kali pamwendo. Monga mchimwene wa malemu, mwambo ukumulola kupempha kulowa chokolo, ndipo wakhala akupempha tsiku ndi tsiku.

"Alamu, mwaganizapo bwanji nkhani ija?"

"Ndikadalira, alamu. Siyani chiwindicho, muzipita."

Anasiya, anapita. Esimi ananunkhiza phukusilo.

"Malemu sankabweretsa chiwindi," anandiuza. "Ankati n'cha makasitomala. Koma m'bale wawoyu ndi munthu."

Anafuna kundibwezera duku. Ndinati likhale, ndasoka lina.

Titafika kumudzi tinapeza alamu anga enieni, akulu ake a bambo a Elube, atakhala pakhonde ndi lumo lokulunga m'pepala. Anati nthawi yakwana. Andimete, andisudzule, ndivule zakuda, ndibwerere pakati pa anthu.

"Pakati pa anthu pati?"

"Pamzere, mlamu. Muzisamba ndi anzanu ngati munthu."

"Pambuyo pa ndani?"

Anayamba kuwerenga pa zala: iwowo, ang'ono awo, akazi awo, mkamwini, alendo akakhalapo. Zala zinatha asanafike pa ine.

Ndinamasula mdzukulu wanga kumsana, ndinamupereka kwa mayi ake, ndinatenga sopo.

"Lumolo musungeni, alamu. Mtima ukadali wowawa."

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinathira madzi m'beseni langa, ndipo pansi pake pankaoneka.